Makande sakhululukira maziko a chizolowezi

Mayi ena andilembera kuti agula puloti ku Ngabu. Dothi lake ndi lakuda ndipo mu Okutobala limang'ambika moti phazi la mwana limalowa. Mmisiri wawauza kuti akumba maziko mafiti awiri monga amachitira kwina konse. Mayiwa akufunanso chimbudzi chamadzi ndi kadimba kuseri.

Mayi, amenewo ndi makande, ndipo mmisiriyo muyambe mwamuimitsa. Dothi limeneli likamwa madzi limafufuma, likauma limanyala. Nyumba imakankhidwira m'mwamba nthawi ya dzinja n'kutsikanso m'chilimwe, koma osati mofanana, chifukwa pansi pa chipinda chapakati pamakhalabe chinyontho pomwe m'makona mwauma gwa. N'chifukwa chake mng'alu umayambira pakona ya windo n'kutsetsereka chopingasa, zitseko n'kuyamba kukana kutsekeka. Anthu amathamangira kunena kuti mmisiri anaba simenti. Nthawi zina amabadi, koma pa makande ngakhale simenti yokwanira imang'aluka.

Mawu akuti “tinazolowera” ndi amene agwetsa nyumba zambiri. Mafiti awiri amakwana pa katondo wa ku Lilongwe, dothi lofiira losasunthasuntha. Mmisiri amene sasiyanitsa katondo ndi makande asagwire ndalama zanu. Nawonso ogulitsa mapuloti amadziwa chifukwa chake amakonda kuonetsa malo m'chilimwe. Puloti muzikaiona mu Febuluwale, mutavala magambutsi.

Kumbani maenje atatu kapena anayi m'malo osiyana, lililonse lopitirira mita imodzi ndi theka. Ngati dothi lakudalo likutha musanafike mita, lichotseni lonse pamene pakhale nyumba, mudzazemo dothi la miyalamiyala, mukusinja masentimita 15 aliwonse. Ngati likupitirira, pamafunika silabu ya konkiriti yokhala ndi zitsulo yoti nyumba yonse ikhalepo, ndipo kukula kwa zitsulozo awerengere ndi injiniya, osati kungoganizira. Ringibimu, lamba wa konkiriti ndi zitsulo wozungulira pamwamba pa makoma, isasowe. Kuzungulira nyumba ikani khonde la simenti la mita imodzi kapena kuposa, lopendekera kunja, kuti madzi a padenga asalowe m'maziko. Bulugamu asayandikire, mtengo utalikirane ndi khoma monga kutalika kwake ukadzakula. Njerwa musaumbe ndi dothi la pamalopo, zimang'aluka zisanalowe n'komwe mu uvuni.

Za chimbudzi

Sepitiki thanki payokha sivuta. Chovuta ndi sokawe, dzenje lomwetsa m'nthaka madzi ochokera mu thankiyo, chifukwa makande akanyowa salola madzi kudutsa. Yesani chonchi, makamaka m'dzinja: pa kuya kumene paipi idzatulukire, kumbani kadzenje ka masentimita 30 mbali zonse, dzazani madzi, agone usiku. Mawa lake dzazaninso, mudikire atsike pang'ono, kenaka muwerenge nthawi imene atenge kutsika masentimita 15. Pakati pa mphindi 30 ndi maola 4 ndi bwino. Akapitirira apo, sokawe wamba adzasefukira ndipo fungo lidzakudanitsani ndi aneba. Zikatero kumbani mpaka mupeze dothi lomwa madzi, bola pansi pake patalikirane ndi madzi a pansi ndi mita imodzi ndi theka. Apo ayi mangani chimbudzi chokumba, dzenje lake lozungulira, lomangira njerwa kuyambira pansi, pakamwa pake potukuka. A ku Salima ndi ku Mangochi vuto lawo ndi lina: mchenga umamwa msanga, dzenje limagumuka, ndipo zonyansa zimafika pachitsime, choncho mamita 30 pakati pa ziwirizi asachepe.

Dimba ndiye musadandaule. Makande ndi achonde, ndi amene amabereka thonje ndi mapira a m'chigwa cha Shire. Pangani mabedi okwera masentimita 20 mpaka 30, sakanizani manyowa owola bwino, phimbirani ndi mapesi. Musalime litanyowa kwambiri, limaumbika zibuma zolimba. Therere ndi mpiru zichita bwino. Chinangwa chimaola madzi akaima. Dimbalo likhale kutali ndi khoma, chifukwa kuthirira tsiku ndi tsiku kumafufumitsa mbali imodzi yokha ya maziko.