Mabasi ndi sitima zikapita m'manja mwa makampani, amalipira ndani?

Mayi wina amene amawerenga zolemba zanga wanditumizira funso pa imelo. Akufunsa ngati boma silingapulumutse ndalama zamisonkho litagulitsa mabasi ndi sitima zapamtunda kwa makampani, popeza kampani imadziyendetsa ndi ndalama zake. Zikomo mayi chifukwa cha funso limeneli. Yankho langa ndi lakuti mtengo woyendetsera mabasi ndi sitima umakhalapobe ngakhale mwini wake atasintha, ndipo chofunika kuyang'anitsitsa ndi thumba limene ndalamazo zidzachokere.

Taganizirani basi ya mbandakucha yopita kudera lakutali, imene imanyamula anthu ochepa, mwina mlonda wochokera kuntchito ndi namwino amene ayenera kufika kuchipatala dzuwa lisanatuluke. Kampani ikawerengetsera mafuta ndi malipiro a dalaivala, basi yotereyi imaoneka kuti ikungodya ndalama, choncho imaichotsa. M'mabuku a boma zimaoneka ngati ndalama zapulumuka, koma namwino uja ndiye amene akulipira tsopano, polemba galimoto yodula kapena poyenda pansi mumdima.

Izi zinaoneka ku Britain pambuyo pa lamulo la 1985, limene kuyambira 1986 linalola makampani kusankha okha misewu ndi mitengo kunja kwa London. Makampani anapikisana m'misewu yodzaza anthu, ndipo makhonsolo anatsala ndi udindo wolipirira maulendo amene analibe phindu. Ku London zinthu zinayenda mosiyana, chifukwa akuluakulu a mzinda, amene lero ndi Transport for London, ndiwo amasankha misewu ndi mitengo, ndipo makampani amangopikisana kuti apatsidwe ntchito yoyendetsa mabasiwo. Mu 2023 dera la Greater Manchester linayamba kutsata njira yomweyi pansi pa dzina la Bee Network, ndipo ine ndimaona kuti limeneli ndi phunziro lalikulu kuposa mikangano yonse ya andale.

Nkhani ya sitima ndi yowawa kwambiri. Kampani ya Railtrack, imene inapatsidwa njanji za ku Britain, inagwa mu 2001 pambuyo pa ngozi ya ku Hatfield ya mu 2000, pamene njanji inathyoka ndipo anthu anayi anamwalira. Njanjizo zinapita kwa kampani yatsopano ya Network Rail mu 2002, ndipo okhoma msonkho anapitirizabe kuthirapo ndalama, chifukwa palibe boma limene lingalole kuti sitima ziime pamene kampani yalephera.

Ena amatchula Japan ngati umboni wakuti kugulitsa kumathandiza, ndipo mbali ina akunena zoona, pakuti makampani a sitima a JR East ndi JR Central, amene boma linagulitsa, amapanga phindu. Komabe pamene kampani ya boma ya sitima inagawidwa mu 1987, gawo lalikulu la ngongole yake linatsala m'manja mwa boma, ndipo JR Hokkaido ndi JR Shikoku, zimene zimayenda m'madera a anthu ochepa, mpaka lero zikudalira boma.

Choncho mayi, mukamva kuti mabasi kapena sitima zikugulitsidwa, pemphani kuona mgwirizanowo, ndipo mufufuze amene adzasankhe mitengo, amene adzalipirire basi ya mbandakucha ija, komanso amene adzasenze ngongole kampaniyo ikadzagwa.