Imelo ya pa fomu ikhale yanu, achemwali, osati ya ejenti

Achemwali, ejenti amene mukuti akuthandizeni kulembera mayi visa ya ku Britain yokaona mdzukulu ku Leedsyo, musanamupatse ngakhale tambala mufunseni chinthu chimodzi: pa fomupo alembapo imelo ya ndani? Akati yake, nyamulani chikwama muzipita. Ndikulemba izi manja akunjenjemera chifukwa ine zinandionekera mu 2024 ndipo mpaka lero ndikakumbukira mtima umandiwawa.

Mwana wanga woyamba amamaliza sukulu ku Manchester mwezi wa July. Mwana woti ndinamulera ndekha ndi ndalama za kaunjika. Ndinati zivute zitani ndikamuone atavala mkanjo. Nthawi imeneyo visa ya alendo inali £115, yolipira pa intaneti ndi khadi, ndiye mukudziwa mmene zinthu zinalili kwacha itagwa ndi 44% mu November 2023. Khadi langa linakana katatu. Mnzanga wa kumpingo ndiye anandilozera kwa mnyamata wina wa kashopu ka makompyuta kuno ku Blantyre, akuti ameneyo watumiza anthu ambiri. Wovala bwino, wolankhula mwaulemu, "mayi musadandaule, zonse tisiyireni ife." Ndinamusiyiradi zonse, uchitsiru wanga unali pomwepo.

Anatsegula akaunti ndi imelo yake, pasiwedi yake. Fomu analemba yekha, ine ankangondifunsa pafoni dzina la malemu bambo anga ndi tsiku lobadwa. Kenako anati sitetimenti yanga ya kubanki ndi yowonda, azungu sangakhulupirire. Anaikamo ndalama zambiri kamodzi, tinasindikiza sitetimenti, mawa lake ndalama zija anazitulutsa, napatula yake ya "thandizo". Ine ndinkaona ngati ndapeza munthu wanzeru.

Ndinakwera basi ya m'bandakucha kupita ku Lilongwe kukadinda zala. Apa mvetsetsani, chifukwa ambiri amasokoneza. Kumene mumakapereka pasipoti kuja si ku embasi. Ndi kampani imene boma la Britain linailemba ganyu yolandira mapepala, kujambula nkhope ndi kutenga zala zonse 10. Amene amagamula kuti mupite kapena ayi simudzamuona ndi maso, amaona mapepala anu pa kompyuta ali kutali. Kale munthu unkatha kufotokoza pamaso pa munthu mnzako. Pano chimene chalembedwa pa fomu ndiye pakamwa pako, ndipo pakamwa panga panali pa mnyamata uja.

Anati masabata atatu. Ine tikiti ya ndege ndinali nditagula kale, nsalu ndasoketsa, ufa ndi usipa woti ndimutengere mwana ndamanga. Tsiku lina mnyamata uja anangonditumizira uthenga kuti pasipoti yatuluka, kakatengeni. Sananene china. Ndinakweranso basi, nditavala ndithu diresi yabwino. Anandipatsa envulopu ya pulasitiki, ndinaing'amba ndi mano ndili chiimire pakhomo. Ndinatsegula tsamba loyamba, lachiwiri, mpaka kumapeto. Ndinayambiranso kumbuyo kubwera kutsogolo, kunyowetsa chala ndi malovu kuti mwina masamba amatirirana. Mulibe kanthu. Ndinakutumula envulopu ija kuti mwina muli kalata. Mulibe.

Ndinabwerera pawindo. Mtsikana wake, wamng'ono kuposa mwana wanga, anandiyang'ana n'kunena kuti, "Mayi, ife sitidziwa zimene zagamulidwa, kalata yapita ku imelo yanu." Ndinati ndilibe imelo pamenepo. Anati ndiye funsani amene anakulemberani. Ndinati mwana wanga, ungondiuza chabe chifukwa chake, ndalakwitsa pati? Anati sangathe kuona, ndipo kumbuyo kwanga kuli anthu. Mlonda anabwera kudzandigwira pachigongono mwaulemu ndithu, koma kunali kunditulutsa. Ndinakhala pansi pa mtengo panja, dzuwa likuswa mtengo, ndikuimbira mnyamata uja. Foni yozima. Ndinaimba kokwana ka 14, ndinawerenga. Mwana wanga akuimba pa WhatsApp kufunsa kuti mama yatuluka? Ndinangoisiya ikulira m'chikwama.

Kalatayo ndinaiona patatha masiku anayi, nditakamukhalira pakhomo pa shopu yake mpaka anasindikiza. Analembamo kuti mu akaunti mwanga munalowa ndalama zambiri zosadziwika kumene zachokera, zosagwirizana ndi zimene ndimapeza. Ndiye pa fomu, wakuba uja analemba kuti ndimalandira malipiro apamwezi pa kampani, pamene ine ndimagulitsa kaunjika! Nditamufunsa anati, "aa mayi, zimachitika, tiyesenso, mungowonjezera pang'ono." Mulungu andikhululukire zimene ndinamuyankha pamaso pa makasitomala ake. Ndipo ndinachita mwayi, chifukwa akakupeza kuti wapereka zabodza mwadala amatha kukutsekera zaka 10. Visa ya alendo ilibenso apilo, ndalama sabweza. Mwambo wa mwana wanga ndinauonera pafoni, netiweki ikudukaduka, pamene ankatchula dzina lake chithunzi chinaima.

Anthu amenewa amadyera pa mantha athu. Amadziwa kuti mayi wa zaka zathu akamva "pa intaneti" mawondo amagwa. Ndipo a maofesi aja nawonso, ntchito anaipatsa kampani kuti zinthu zizifulumira, chabwino, mzere wake ndi wadongosolo, sindikana, umasungitsa nthawi yako ndipo umalowadi nthawi yomweyo. Koma zikavuta palibe woti umugwire malaya. Uyu akuti si ife, uyo sumuona. Chilichonse chowonjezera ndi ndalama, kukuikira mapepala mu kompyuta ndalama, kukutumizira pasipoti ndalama.

Mu 2025 ndinayesanso, mtengo utakwera kufika £127. Ndinalemba ndi mwana wa mlongo wanga, titakhala pamphasa, funso lililonse akundiwerengera n'kunditanthauzira. Pa funso loti munakanidwapo visa ndinavomera, ndi kufotokoza zonse. Musabise zimenezo, zala zanu ali nazo kale. Sitetimenti ndinapereka yanga yowonda yomweyo, ya miyezi 6, pamodzi ndi malisiti a mabelo ndi kalata ya mwana wanga yonena kuti tikiti ndi chakudya alipira iye, ndi mapepala ake a kuntchito. Inatuluka.

Ndiye kwa mayi anuwo: atsegulireni imelo yawoyawo lero, pasiwedi mulembe m'kabuku. Izi zafunika kwambiri pano chifukwa Britain inayamba kusiya zomata visa mu pasipoti, anayamba ndi a sukulu ndi a ntchito mu 2025, visa imangokhala mu akaunti ya pa intaneti. Tangoganizani visa yanu ili mu akaunti imene kiyi wake ali ndi dobadoba. Fomu mutha kuyamba miyezi 3 ulendo usanafike, yambani msanga, ndipo tikiti musagule isanatuluke. Za kuyezetsa TB n'za okakhala kupitirira miyezi 6, mayi sizikuwakhudza. Pa cholinga cha ulendo lembani kuti akukaona banja, zoti akukakhala wolera mwana kuti makolo azipita kuntchito ena amazitenga ngati ntchito. Onetsani chowabweza kumudzi, munda, nyumba, adzukulu ena. Ngati zala zawo zinakhakhala ndi khasu, azidzola mafuta sabata yonse asanapite, makina aja amavuta kuwerenga.

Ma ejenti ndati ayi, koma kunena zoona fomu ija ndi yaitali ndipo Chingerezi chake n'chokhota, mayi okha sangathe. Ngati m'banja mulibe wodziwa, pezani ndithu munthu, mumulipire, bola mukhale pambali pake mpaka adine batani lomaliza ndipo akusindikizireni fomu yonse muwerenge. Zowonjezera zija ndimadana nazo, komabe yoti akuikireni mapepala mu kompyuta ija ine ndinalipira ulendo wachiwiriwu, foni yanga imajambula zosaoneka bwino. Khadi likakana, m'bale wanu wa ku Leedsyo alipire ndi lake, zimaloledwa.