Tikongole ndalama podikira GTA VI? Funsani kaye buku la shopu

Funso la sabata ino lachokera kwa mwini kashopu ka magemu ku Ndirande, komwe anthu amalipira kuti asewere pa PlayStation, makina a magemu a kampani ya Sony (PS4 ndi akale, PS5 ndi atsopano). Nkhani yake ndi ya GTA VI, gemu yatsopano ya Grand Theft Auto yotsatira GTA V. Akuti: "Alangizi, ine ndi mng'ono wanga tili ndi ma PS4 awiri ndi ma TV awiri a mainchesi 32. Gemu imodzi ya mpira ndi K500, amalipira ndi woluza. GTA V timatchaja K500 pa mphindi 30. Chionereni kanema wotsatsa GTA VI, mng'ono wangayu tulo sakuona. Akuti tikongole K2,000,000 ku banki m'khonde pa chiwongola dzanja cha 20 peresenti pamwezi, tiphatikize ndi zomwe tasunga, tigule PS5 ndi TV yaikulu kuti gemuyo ikamatuluka tikhale oyamba m'dera lathu. Ine ndikuti gemuyi angoikongoletsa pamaso, kaseweredwe kake sitikukadziwa. Takangana mpaka nsima aliyense akudya payekha. Wolondola ndani?"

Achimwene, zikomo polemba. Ndiyambe ndi kuteteza mng'ono wanu pang'ono, chifukwa maso ake sakumunamiza. Kanema woyamba wa GTA VI atatuluka mu Disembala 2023, dziko lonse la osewera linagwedezeka. Wachiwiri anabwera mu Meyi 2025, ndipo a Rockstar Games, omwe akupanga gemuyi, ananena kuti zonse zooneka m'kanemayo anazijambula pa PS5. Mzinda wa m'gemumo wa Vice City, nyanja, khamu la anthu m'misewu, nkhope za Lucia ndi Jason, omwe ndi eni nkhani m'gemuyi, zonse zikuoneka ngati filimu yeniyeni. Mnyamata wokonda bizinesi yake akaona zotere n'kuganiza za mzere wa makasitomala pakhomo, ameneyo si wopusa. Ali ndi mtima wa malonda, ndipo mtima umenewo musauphe.

Komanso inu, mawu oti "angoikongoletsa pamaso" mwafulumira nawo. A Rockstar mbiri yawo si ya magemu opanda kanthu m'kati. GTA V inatuluka mu Seputembala 2013, inapeza madola 1 biliyoni m'masiku atatu okha, ndipo mpaka pano yagulitsidwa makope opitirira 200 miliyoni. Gemu siikhala pamsika zaka zopitirira khumi chifukwa cha zithunzi, popeza zithunzi zimakalamba msanga kuposa china chilichonse. Chimene chaisunga ndi chakuti munthu akagwira padi, chogwirira cha mabatani chosewerera gemu, amapeza chochita: kuthawa apolisi, kuyendetsa ndege, kungoyendayenda mumzinda. Ine ndikadati ndilosere, ndikadati GTA VI idzakoma. Koma kulosera kwanga simungapite nako ku banki m'khonde tsiku lobweza ngongole.

Mfundo yanu yolimba ndi yachiwiri ija, yoti kaseweredwe simukukadziwa. Kanema wotsatsa amamukonza ndi wogulitsa, ndipo amasankha mbali yowala, monga amachitira mayi wa tomato poika zazikulu pamwamba pa mulu. Zimene kanema sangakuuzeni ndi mmene galimoto imamvera chala chanu, ngati gemu imadukiza pakachuluka anthu pa sikirini, kapena ngati munthu angaibwerere kawiri. Zinachitikapo kale. Cyberpunk 2077 ya kampani ya ku Poland ya CD Projekt Red inatsatsidwa zaka zambiri ndi zithunzi zochititsa kaso. Itatuluka mu Disembala 2020, pa PS4 inali ndi zolakwika zochuluka moti a Sony anaichotsa m'sitolo yawo ya pa intaneti n'kubweza ndalama kwa ogula, ndipo inabwereramo mu Juni 2021. Pambuyo pake anaikonza n'kukhala gemu yabwino, koma ganizirani munthu amene anakongola ndalama mwezi woyamba uja. The Order: 1886 ya mu 2015 inali yokongola kwambiri m'nthawi yake, koma anthu anadandaula kuti ndi yaifupi ndipo ukaimaliza ilibe chokubwezera. Mbali inayo kuli Minecraft, ya timabokosi tooneka ngati njerwa, yomwe yadutsa makope 300 miliyoni.

Tsopano tichoke pa mkangano wa osewera tibwere pa wa eni shopu, chifukwa inu simugulitsa zithunzi, ndipo simugulitsanso gemu. Mumagulitsa nthawi ya pa mpando. Muli ndi mipando yowerengeka ndi maola owerengeka, makamaka kuyambira ana akaweruka kusukulu mpaka usiku, kuchotsapo nthawi yomwe magetsi azima. Funso loyenera pa gemu iliyonse ndi lakuti, mpando umenewu ubweretsa ndalama zingati pa ola?

Tengani manambala anu omwewo. Gemu ya mpira, kuphatikizapo kusankha matimu ndi kukonza osewera, imatenga mphindi ngati 15. Pa ola ndi magemu anayi, K2,000. GTA V pa ola ndi K1,000. Ndiye kuti lero lomwe, TV ya mpira ikubweretsa kawiri ndalama ya TV ya GTA. Chifukwa chake mumachidziwa kuposa ine. Mpira amasewera awiri, ali ndi owachemerera kumbuyo, ndipo woluza sapita kwawo. Amapisa m'thumba n'kunena kuti "tibwereze". Mawu amenewo ndiwo amalipira lendi ya shopu yanu. GTA V munthu amasewera yekha pa TV imodzi, anzake asanu akungoonerera ulere, ndipo nthawi ikatha palibe amene wamuchititsa manyazi woti abwezere. Apa m'pamene pali kaseweredwe kamene kakukhudzani inu: osati kokoma kwa munthu wokhala yekha pa sofa ku London ali ndi maola 60 oti atsatire nkhani ya Lucia, koma kamene kamatha msanga, kokhala ndi wopambana ndi woluza, koyambitsa makani. Ndi chifukwa chake mpira ndi magemu a ndewu monga Mortal Kombat ndi Tekken sizichoka m'mashopu ngati anu.

Pali kanthu kenanso kamene eni mashopu ambiri amakaiwala. Gemu ya nkhani yaitali imafuna kuti munthu azipitiriza pomwe anasiyira. M'shopu, wina akasewera n'kusunga, wobwera pambuyo pake amasokoneza, ndipo mapeto ake aliyense amangoba galimoto n'kuthamangitsana ndi apolisi kwa mphindi 30. Zimenezo GTA V yomwe muli nayo kale ikuchita bwino lomwe.

Tiyeni tiwerengere ngongoleyo mokomera mng'ono wanu. Tiyerekeze kuti GTA VI yatuluka, ndi yabwino, ndipo anthu avomera kulipira kawiri mtengo wa lero, K2,000 pa ola. Tiyerekezenso kuti mpandowo ukudzadza maola asanu tsiku lililonse, masiku 26 pamwezi. Zimenezo ndi K260,000 pamwezi, musanachotse mayunitsi a magetsi kapena mafuta a jenereta. Chiwongola dzanja chokha pa K2,000,000 ndi K400,000 mwezi woyamba. Ngongole yeniyeniyo simunaikhudze n'komwe. Mudzakhala mukutenga phindu la ma PS4 awiri aja kukadyetsa ngongole ya PS5. Banki m'khonde ndi yabwino kwa munthu wooda katundu Lolemba n'kumugulitsa pofika Loweruka, monga wa usipa kapena wa kaunjika. Makina amene amabweza ndalama pang'onopang'ono kwa chaka kapena kuposerapo sagulidwa ndi ndalama ya 20 peresenti pamwezi. Ndipo m'gulumo muli anansi anu, anthu amene mudzakumana nawo pa maliro ndi pa ukwati. Ndaonapo mabanja akuleka kulonjerana chifukwa cha ngongole yotere, ndipo sindikufuna zikuchitikireni.

Kuwerengera konseku ndayerekeza kuti gemuyo ilipo. Pamene ndikulemba, kulibe. Poyamba anati ituluka chakumapeto kwa 2025. Kenako anasuntha kufika pa 26 Meyi 2026. Kenako anasunthanso kufika pa 19 Novembala 2026. Kampani ya Take-Two, yomwe ndi mwini wake wa Rockstar, ingathe kudikira miyezi ina isanu ndi umodzi osagona ndi njala. Inu ngongole yanu imayamba kuwerenga tsiku lomwe mwasaina m'kaundula wa gulu. Munthu amene akadakongola pokhulupirira tsiku loyamba lija, bwenzi pano atalipira chiwongola dzanja choposa mtengo wa makinawo, gemu asanaione.

Za TV nazonso ndinenepo. Kukongola komwe mng'ono wanu waona pa YouTube kumafuna TV ya 4K, yoonetsa zithunzi zakuthwa kwambiri, kuti kuoneke mokwanira. Pa TV ya mainchesi 32 yomwe muli nayo, kusiyana kudzakhalapo koma kochepa, osati koti kasitomala n'kulipirira kawiri. Magemu ambiri a PS5 amakupatsani kusankha pakati pa zithunzi zowala kwambiri zosintha ka 30 pa sekondi (mafelemu 30), ndi zithunzi zocheperako pang'ono zoyenda mafelemu 60. Osewera opikisana amasankha 60, chifukwa chala chikadina, wosewera pa sikirini amayankha msanga. Anyamata anu a mpira angakhululukire udzu wosaoneka bwino, koma padi yochedwa kapena batani lomata saikhululukira, amasamukira ku shopu ina. Muwerengerenso kuti PS5 imadya magetsi pafupifupi mawati 200 ikamayendetsa gemu yolemera, kuposa PS4 Slim, ndiye ngati mumadalira sola kapena batire, maola anu achepa.

Chinanso chimene sindingachilumphe. GTA V ndi ya anthu a zaka 18 kupita m'tsogolo, ndipo palibe chosonyeza kuti GTA VI idzakhala ya ana. Ngati makasitomala anu ambiri ndi ana a sukulu, TV yaikulu yoonetsa mfuti ndi mabala ausiku pakhomo la shopu idzakubweretserani makolo, ndipo mwina a mfumu. Shopu ya m'dera imakhala ndi moyo chifukwa makolo akuilola.

Kodi ndikuti PS5 musagule? Ayi. Tsiku lidzafika pomwe magemu atsopano a mpira adzasiya kutuluka pa PS4, ndipo GTA VI yomwe anailengeza pa PS5 ndi makina a Microsoft a Xbox Series X ndi S basi. Kusamuka n'kosapeweka. Chimene ndikukana ndi kusamuka ndi ndalama ya eni ake, chifukwa cha gemu yomwe palibe kasitomala wanu ndi mmodzi yemwe amene waigwira.

Chitani izi. Gulani kope la K1,000 kapena kuchepera, ndipo kwa milungu inayi muzilemba TV iliyonse, gemu yomwe yaseweredwa, nthawi ndi ndalama. Kopelo mumupatse mng'ono wanu kuti azilemba ndi iye, chifukwa munthu satsutsa manambala olemba ndi dzanja lake. Kenako mugwirizane ndalama yoti muzipatula tsiku lililonse, muiike pa Airtel Money kapena Mpamba ya payokha, muitche kuti thumba la PS5. Likadzadza, gulani makinawo, ngakhale ogwiritsidwapo kale ntchito bola muwayese bwino, ndi mapadi awiri abwino, muyambe ndi mpira womwe mukudziwa kuti umalipira. GTA VI ikatuluka, dikirani milungu itatu kapena inayi. Muonere pa YouTube anthu wamba akusewera ola lathunthu osadula, mumve madandaulo awo, muone ngati ili ndi zoti munthu angachite m'mphindi 30 n'kukhutira. Kukhala woyamba m'dera kumabweretsa khamu la sabata ziwiri, ndipo ambiri m'khamumo ndi oonerera. Shopu ya pafupi ikagula yake, khamulo ligawika.

Pakadali pano, ndalama yochepa ingakupindulireni msanga pa zinthu zosaoneka bwino m'maso: mapadi osamata, batire loti magetsi akazima gemu isaduke pakati, ndi kampikisano ka Loweruka komwe aliyense amalipira polowa. Kampikisanoko mumusiyire mng'ono wanu akayendetse. Ndipo nsima ija muyambirenso kudyera limodzi, chifukwa kopelo lidzafuna anthu awiri olankhulana.

Funso lachiwiri ndi lalifupi, lochokera kwa mayi wina amene amagwira ntchito ku Johannesburg. Akuti: "Ndikufuna kutumizira mwana wa mchemwali wanga PS5 kuti ayambe bizinesi ku Mzuzu. Ndaona kuti yopanda polowetsa disiki ndi yotsika mtengo. Ndigule imeneyo?"

Mayi, mwachita bwino kufunsa musanalipire. Gulani yokhala ndi polowetsa disiki. Pamene PS5 inkatuluka mu Novembala 2020, kusiyana kwa ziwirizi kunali madola 100, 399 ndi 499, ndipo ambiri anathamangira yotchipayo. Koma yopanda disiki imafuna kuti gemu iliyonse igulidwe m'sitolo ya Sony ya pa intaneti, n'kuikopa yonse, ndipo magemu akuluakulu a masiku ano amafika magigabaiti 50, ena kupitirira 100. Kwa mnyamata wogula mabandulo ku Mzuzu, ndalama mwapulumutsayo ithera pa magemu awiri oyamba. Gemu ya pa disiki angaigule kwa mnzake motchipa, angasinthanitse, ndipo ikapanda kukondedwa ndi makasitomala angaigulitse n'kubweza gawo la mpamba. Yogula pa intaneti imakhala pa akaunti mpaka kalekale, siigulitsika. PS5 Pro musaiganizire n'komwe: inatuluka mu Novembala 2024 pa madola 699, yopanda polowetsa disiki, ndipo chomwe imawonjezera ndi kuwala kwa zithunzi komwe TV wamba siionetsa.

Musanatumize, ilumikizeni ku intaneti komweko ku Johannesburg, mulowetsemo madisiki onse kuti zokonza zake zikoperetu. Muikemo padi yachiwiri, chifukwa m'bokosi mumabwera imodzi yokha, komanso kachipangizo koteteza makina magetsi akabwera mwamphamvu. Lisiti lipite ndi wonyamula katunduyo, alifuna powerengera msonkho pa chipata.