Aigulitse MBC? Achemwali, dikirani kaye

Mtsikana wina wophunzira utolankhani wanditumizira imelo. Akufuna mbiri ya MBC yoti aike mu ntchito yake ya kusukulu, ndipo kumapeto waponyapo funso: bwanji osangoigulitsa, poti ndi cholankhulira cha boma basi? Achemwali, funso lomalizali ndi limene landigwira mtima, ndiye mundipirire, za mbirizo tifikako.

Kwathu wailesi inali ya bambo. Inkakhala pamwamba pa kabati itafundidwa kansalu koluka, ndipo mabatire akafooka tinkawayanika padzuwa kuti atipirireko tsiku lina. Mayi ankadikira Zokonda Amayi, ife ana Kapalepale. Koma chimene chinkaimitsa nyumba yonse ndi mauthenga achisoni. Wowerenga akangotchula boma lathu ndi mfumu yaikulu ya kwathu, bambo ankakweza dzanja, aliyense zii. Imfa ya azakhali tinaimva motero, wailesi ikuti amene amve uthengawu awadziwitse akutiakuti. Foni kunalibe, kalata ikanafika maliro ataikidwa kale. Mawa lake mbandakucha bambo anali pa basi.

Bambo omwewo, mu March 1992 maepiskopi a Katolika atatulutsa kalata yawo yodzudzula boma, ankatseka chitseko usiku, kutsitsa mawu, n'kumasakasaka mawailesi akunja pa shortwave. BBC inkamveka mophwetekeraphwetekera, khutu ataligunditsa pa sipika. Ankadziwa kuti za maliro wailesi ya kwathu sinama, koma za ndale imanena zimene yauzidwa. Anthu wamba anadziwa kusiyanitsa zimenezi kalekale, sanadikire ife olembalemba.

Ndipo khalidweli silinayambe ndi Kamuzu. Wailesi yoyamba kulankhula nafe m'Chinyanja inali ya atsamunda, ku Lusaka, yomwe inayamba mu 1941 pofuna kuuza anthu za nkhondo momwe boma linkafunira. Mu 1949 kunabwera kawailesi kotchipa ka Saucepan Special, kopangidwa ndi Ever Ready, kooneka ngati sefuliya, ndipo ndi kamene kanalowetsa wailesi m'nyumba za anthu akuda. Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chitayamba mu 1953, wailesi inasanduka yochikometsera kwa anthu amene sankachifuna. Pamene MBC inkakhazikitsidwa ndi lamulo la Nyumba ya Malamulo mu 1964, inalandira makina pamodzi ndi chizolowezi choti mwini mpando ndiye mwini maikolofoni.

Kamuzu anachikulitsa. Mu 1968 Chichewa chitasankhidwa kukhala chiyankhulo cha dziko, Chitumbuka chinachotsedwa pa wailesi. Taganizani gogo wa ku Rumphi kumva za dziko lake m'chiyankhulo chosakhala chake kwa zaka zoposa 25. Ine Chichewa ndi changa ndipo ndimachikonda, koma ija inali nkhanza. Kanema ndiye sanamulole n'komwe; TVM, kanema wa boma, inadzayamba mu 1999, anzathu a ku Zambia atayamba kuonera kalekale. Komabe pa wailesi yomweyo ndi pamene mkuluyo anavomera kuti wagonja pa chisankho cha mu May 1994. Zimenezo muzilembenso, musazisiye.

Chimene chimandipsetsa mtima ndi za pambuyo pake. Chitumbuka chinabwerera, nkhani zinayamba kumveka m'Chiyao, Chilomwe, Chisena ndi Chitonga, Radio 2 inatsegulidwa mu 1997, lamulo la 1998 linabweretsa MACRA, bungwe loyang'anira mawailesi ndi mafoni, ndipo mawailesi omwe si aboma anachuluka, Zodiak n'kubwera mu 2005. Zonse zinasintha kupatula chimodzi. Chipani chilichonse chikakhala kotsutsa chimalira kuti MBC ikuchitsekera kunja, chikangolowa m'boma chimaiwala. Nthawi ya Bingu pa MBC panali pologalamu ya Makiyolobasi, yonyoza otsutsa ndi ndalama zamisonkho za otsutsa omwewo. Aphungu otsutsa nawo anabwezera popatsa MBC K1 yokha mu bajeti. Amene anavutika si nduna ayi, ndi ogwira ntchito. Kenako MBC ndi TVM anaziphatikiza kukhala chimodzi, koma matenda anali omwewo.

Ena amati atolankhani a kumeneko ndi amantha. Ine ndimakana. Munthu amene bodi yake imasankhidwa ndi pulezidenti, malipiro ake akuchokera ku Treasury, mukuti alimbe mtima n'chiyani? Ngakhale BBC imene timaitamayo, yoyamba mu 1922, inalimbana ndi boma lake pa nkhondo ya Suez mu 1956, ndipo chinaithandiza kuima n'choti ndalama zake zambiri zimachokera ku laisensi imene anthu amalipira okha.

Tsono aigulitse?

Ayi. Wogula adzafuna phindu, ndipo phindu lili m'tauni, kwa omvera amene otsatsa malonda amawafuna. Ndani adzalipira transimita yofika ku Chitipa kapena ku Nsanje? Ndani adzasunga nkhani za m'Chisena, mapologalamu a alimi, chenjezo la namondwe? Nanga matepi akale a nyimbo ndi mawu a anthu amene anapita, agwere m'manja mwa wamalonda? Choyenera kusintha ndi kasankhidwe ka bodi ndi njira ya ndalama: bodi ifunsiridwe poyera, ndalama zikhazikike m'lamulo kwa zaka zingapo kuti nduna isamatseke mpopi ikakwiya.

Za ntchito yanu ya kusukulu, yalani zaka motere: 1941, 1964, 1968, 1994, 1999. Pezani Communications Act ya 1998 ndi ya 2016, muwerenge ndime zonena za bodi ya MBC moziyerekeza. Kenako mukacheze ndi muulutsi mmodzi wopuma pantchito, mumufunse kuti foni ikalira m'chipinda cha nkhani nthawi ya chisankho ankaimba ndi ndani.