Musalumikize kanthu musanadziwe mphamvu ya magetsi a boila yanu

Achimwene, mwafunsa za kulumikiza Hive, thermostat yoyatsa ndi kuzimitsa boila malinga ndi kutentha kwa m'nyumba, ku boila yanu ya mtundu wa combi. Mawaya atatu mwawajambula pakhomawo, wofiira, wachikasu ndi wabuluu, musawakhudze usiku uno, ngakhale wina wakuuzani kuti Hive yanuyo mungoilumikiza ku combi potsatira mitundu. Mitundu imeneyo ndi yakale, ya nyumba zimene zinaikidwa magetsi chaka cha 2006 chisanafike, ndipo siingakuuzeni kuti waya wobweretsa moto ndi uti, wobwerera ku boila ndi uti. Ine zinandionekera kuno ku Nottingham m'mwezi wa Januwale, ndipo ndikulemba pano mtima ukuwawabe.

Ndinagula thermostat ngati yanuyo, ya single channel, yolamulira kutenthetsa nyumba kokha, chifukwa combi ilibe thanki ndipo madzi imatenthetsa nthawi yomweyo munthu akatsegula mpopi. Ndinaitana bambo wina amene anthu a kutchalitchi ankamuyamikira kuti amakonza chilichonse, kuyambira zitseko mpaka magetsi. Anafika Loweruka madzulo ndi chikwama cha zipangizo, ndipo buku la boila limene ndinamupatsa analiika pamwamba pa firiji osalitsegula, amvekere wachita zoterezi m'nyumba zambiri. Kabokosi ka Hive kamene kamakhala pafupi ndi boila, kotchedwa receiver, ndi swichi chabe. Pa N ndi L pamalowa magetsi okayendetsa, pamene pa 1 ndi pa 3 ndi pomwe kamatseka kapena kutsegula njira youza boila kuti iyake. Iye anadula kachidutswa ka waya n'kulumikiza L ndi 1, monga mmene zimachitikira nthawi zina pa boila zofuna 230V, kenaka anatenga waya wa pa 3 n'kukaulowetsa mu boila pamalo olembedwa bwinobwino kuti 24V.

Ndinaima pambuyo pake nditanyamula tochi ya foni, ndipo zilembozo ndinaziona ndi maso angawa, koma ndinachita manyazi kufunsa munthu wamkulu amene anali atangomwa tiyi m'nyumba mwanga. Atabwezeretsa fyuzi n'kuyatsa swichi, kunamveka kaphokoso kakang'ono kuti phu! Kagalasi ka boila kanathima, m'khitchini monse munadzaza fungo la pulasitiki wopserera, ndipo tonse awiri tinakhala chete kwa kanthawi tikuyang'ana chinthucho ngati chidzuka chokha. Iye anazimitsa n'kuyatsanso katatu, anasintha fyuzi ya 3 amp ndi ina yochokera m'thumba mwake, koma boila inali zii. Apa m'pamene ndinamvetsa kuipa kwa combi, chifukwa ikafa simutaya kutentha kwa nyumba kokha ayi, madzi otentha nawo amathera pomwepo. Mayi a kunyumba anafika m'mawa kuchokera ku ntchito ya usiku n'kupeza ana agona atavala majekete, ine ndikuwiritsa madzi m'ketulo kuthira m'ndowa kuti asambe ngati tili kumudzi. Sanalankhule kanthu, anangondiyang'ana, ndipo kukanakhala bwino akanandikalipira. Tinakhala choncho masiku anayi.

Chimene chimandipweteka kwambiri si kulakwitsako, pakuti aliyense amalakwitsa, koma kuti bamboyo anaimirira pakhomo panga n'kunena kuti boilayo inali yotha kale ndipo ikanafabe sabata yomweyo. Analandira mapaundi 40 ake osachita manyazi, analonjeza kubwera Lolemba ndi mnzake, ndipo kuyambira tsiku limenelo foni yanga sayankha, ngakhale kutchalitchi timakhala mabenchi oyandikana ndipo amaimba mokweza kuposa tonse. Injiniya wa Gas Safe, kaundula wa anthu ololedwa kugwira ntchito za gasi, amene anabwera Lachitatu anatulutsa bolodi ya mkati, imene amaitcha PCB, n'kundionetsa kadontho kakuda konga nsonga ya chala pamene 230V inadutsa. Bolodiyo pamodzi ndi ntchito yake zinandidyera ndalama zopitirira mapaundi 300. Anandiuzanso kuti pa boila zambiri chivundikiro cha kutsogolo ndi chimene chimatsekera mpweya woipa wa gasi kuti usatulukire m'nyumba, choncho munthu wopanda chiphaso sayenera kuchitsegula n'komwe.

Ndiye langizo langa ndi lakuti muitane munthu wolembedwa mu Gas Safe Register, imene inalowa m'malo mwa kaundula wakale wa CORGI mu 2009, ndipo muone khadi lake asanagwire sikuludiraiva. Ngati nyumbayo ndi ya lendi, yambani mwapempha landilodi, chifukwa boila ndi yake ndipo ikapsa adzakudulani pa dipoziti.

Komabe kunena zoona ntchitoyi si yovuta, ndipo ya kwa mlongo wanga ku Leicester ndinaimanga ndekha chilimwe chathachi pasanathe ola limodzi, popeza kumeneko receiver yakale inali kale pakhoma ndipo sindinafunike kutsegula boila. Mukafuna kuyesa, zimitsani pa swichi ya boila, chotsani fyuzi muiike m'thumba, ndipo muyeze waya aliyense ndi choyezera magetsi musanamugwire. Jambulani mmene mawaya alili musanamasule ngakhale mmodzi. Kenaka tsegulani buku la boila yanu muone malo a thermostat. Pa boila zambiri za Worcester Bosch pamalembedwa Ls ndi Lr, pamayenda 230V, ndipo ngati pali kawaya kolumikiza malo awiriwo kayenera kuchotsedwa, apo ayi ma radiator, zitsulo zotenthetsa zipinda, azingotentha osasiya. Pa boila zatsopano za Vaillant pali malo olembedwa RT 24V, ndipo pamenepo 1 ndi 3 za receiver zimapita zokha, popanda kanthu kalikonse kochokera ku L. Thermostat yakale ya pakhomayo musangoizula n'kusiya mawaya ali lende, chifukwa imodzi mwa iwo ikhoza kukhala ndi moto, ndiponso boila ikhoza kukana kuyaka ngati njira imeneyo yatsala yoduka. Tumizani chithunzi cha kapepala komata kamene kali pansi pa boila yanu, pamene alemba dzina ndi nambala yake, kuti tione ngati ndi ya 230V kapena ya 24V musanagule waya.