Dzalanyama ikatha, mipopi ya mu Lilongwe iuma

Achimwene, mwafunsa kuti n'chifukwa chiyani Lilongwe Water Board imaika ndalama poteteza nkhalango ya Dzalanyama pomwe m'madera ena mipopi ikuuma, ndipo mwatinso madzi akutayika m'mapaipi ophulika. Funso lanu ndi lomveka, komatu madzi a pampopi panuwo amayambira komweko. Mtsinje wa Lilongwe umachokera m'mapiri a Dzalanyama, n'kudzadza madamu awiri a Kamuzu ku Malingunde, kenako madziwo amatsikira kumalo oyeretsera mumzinda.

Mitengo ikatha ndi makala, mvula silowanso pansi. Imangothamanga n'kukokolola dothi, madzi n'kufiira ngati thobwa la mawere. Matopewo amakakhazikika pansi pa damu, damu n'kumasunga madzi ochepa, ndipo poyeretsa pamalowa mankhwala ambiri, ndalama zake n'kudzatipeza pa bilu. Ikamafika Okutobala, timitsinje tomwe kale tinkayenda chaka chonse timasanduka mchenga wokhawokha. N'chifukwa chake mu 2015 asilikali a MDF anatumizidwa kukalondera nkhalangoyi, a Water Board akuthandiza ndi ndalama.

Koma ine sindikhulupirira kuti mfuti zokha zingathetse vutoli. Wootcha makala uja, amene mumamuona m'bandakucha akukankha njinga yodzaza matumba pamsewu wa ku Likuni, thukuta lili kamukamu, akubweretsera ife tomwe a m'tauni. Popanda magetsi odalirika kapena gasi wotchipa, mbaula zathu zipitiriza kudya nkhalango.

Pa za mapaipi mwanena zoona. Madzi oti ayeretsedwa kale n'kumatayikira mumsewu, ine zimandiwawa kwambiri. Mukaona paipi yaphulika, aimbireni foni a Water Board tsiku lomwelo.