Kodi Chisilamu ndi malamulo okhaokha? Yankho kwa mlongo wa ku Chikanda

Ndalandira imelo kuchokera kwa mtsikana wina wophunzira pa Yunivesite ya Malawi kuno ku Zomba, amene akukhala ku Chikanda. Anabadwira m'banja la Chisilamu, anapita ku madrasa ali wamng'ono, amaswali (kupemphera) ndiponso amamanga (kusala kudya) m'mwezi wa Ramadhani. Mnzake wogona naye chipinda chimodzi, yemwe ndi Mkhristu, anamufunsa kuti: "Ndimaona kuti nkhumba sudya, kumutu umafunda, m'bandakucha umadzuka kukapemphera. Koma mtima wa chipembedzo chakochi ndi chiyani?" Akuti anasowa poyambira, ndipo akufuna kudziwa ngati Chisilamu changokhala mndandanda wa zololedwa ndi zoletsedwa.

Assalaam alaikum, mlongo wanga. Musachite manyazi ndi funsoli. Ambirife tinaloweza Qur'an tisanaimve. Amwalimu athu anatiphunzitsa kutchula bwino zilembo za Chiarabu, Allah awalipire zabwino, koma tanthauzo linkatsalira m'mbuyo.

Yankho labwino kuposa langa linaperekedwa kale ku Madina, ndipo anatifotokozera ndi Umar bin Khattab, mmodzi wa maswahaba, anthu amene ankakhala ndi Mtumiki n'kumamutsatira. Tsiku lina maswahaba atakhala ndi Mtumiki Muhammad, madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, panafika munthu wa zovala zoyera mbee, tsitsi lakuda bii. Sankaoneka ngati wayenda ulendo, komanso panalibe womudziwa. Anakhala pafupi ndi Mtumiki mpaka mawondo kugundana, n'kuyamba kufunsa. Atachoka, Mtumiki anaulula kuti ameneyo anali mngelo Jibril (Gabrieli), amene anabwera kudzawaphunzitsa chipembedzo chawo.

Poyamba anafunsa za Chisilamu, ndipo yankho linali nsichi zisanu zomwe mukuzidziwa kale: shahada (kuikira umboni kuti palibe wopembedzedwa koma Allah ndi kuti Muhammad ndi Mtumiki wake), swala (mapemphero) zisanu patsiku, zakaat (chopereka chothandizira osauka), kumanga Ramadhani, ndi Hajj ku Makka kwa amene angakwanitse. Kenako anafunsa za imani, chimene mtima umakhulupirira: Allah, angelo ake, mabuku ake, atumiki ake, tsiku lomaliza, ndi chikonzero cha Allah pa zabwino ndi zowawa zomwe. Apa mnzanuyo angadabwe kumva kuti Msilamu wokana Musa (Mose) kapena Isa (Yesu) mwana wa Maryam (Mariya) watuluka m'chikhulupiriro, ndipo sura (mutu) 19 ya Qur'an imatchedwa ndi dzina la Maryam. Koma musamubisire posiyana pathu. Kwa ife Isa ndi mtumiki wolemekezeka, osati mwana wa Mulungu. Sura 112, ya ma ayah (mavesi) 4 okha, imanena kuti Allah ndi mmodzi, sanabereke, sanaberekedwe, ndipo palibe wofanana naye. Umodzi umenewu, tauhid, ndi pamene pamangidwa china chilichonse.

Funso lachitatu la Jibril ndilo ndikufuna tikhalepo, chifukwa ndi limene mnzanu akufunsa. Anafunsa za ihsani, ndipo Mtumiki anati ndiko kumupembedza Allah ngati ukumuona, ndipo ngakhale sukumuona, dziwa kuti Iye akukuona.

Taganizirani Ramadhani ikagwa m'nyengo yotentha. Mwabwera kuchokera m'kalasi masana, kukhosi kwauma gwaa, mnzanu watuluka, chidebe cha madzi chili pakona. Palibe shehe, palibe mayi anu, palibe angadziwe. Chimakuletsani kumwa n'chiyani? Mlongo wanga, chimene mukuchifunacho muli nacho kale, kungoti simunachitchule dzina. Ntchito yomwe yatsala ndiyo kuchitulutsa m'mwezi umodziwo kuti chifike m'miyezi ina 11, chifike m'chipinda cha mayeso pamene likasa likuyenda pansi pa madesiki, chifike pa foni usiku pamene gulu la WhatsApp layamba kudya munthu miseche.

Qur'an siilola kuti kupembedza kuthere pamkeka. Sura 83 imayamba ndi tsoka kwa opunguza muyeso, amene pogula amafuna mbale yodzaza koma pogulitsa amachepetsa. Ndikamadutsa pa Mpondabwino n'kuona mayi akupima mpunga wa ku Domasi kapena matemba a ku Chilwa, ndimadziwa kuti ayah imeneyi ikunena za mbale yakeyo, ngati pansi pake ndi pobonyola kapena ayi. Sura 107 ndiye imandiopsa kwambiri. Imatchula wokankha mwana wamasiye ndi wosalabadira kudyetsa wosauka, kenako n'kunena tsoka kwa oswali, amene amanyozera swala yawo, amachita zodzionetsera, ndipo amamana anzawo ngakhale tinthu ting'onoting'ono tobwerekana. Tsoka kwa oswali! Mawu amenewa sakupita kwa anthu akunja, akubwera kwa ife amene tili pamzere woyamba tsiku la Ijumaa. Mtumiki ananenanso kuti amene sasiya bodza ndi kuchita zachinyengo, Allah alibe nazo ntchito zoti iye wasiya kudya ndi kumwa.

Musandimve molakwa. Sindikuti malamulo ndi achabe, ndipo sindigwirizana ndi achinyamata amene amati bola mtima, swala n'kuisiya. Qur'an imati swala imaletsa zonyansa ndi zoipa. Nsichi zikachoka denga limagwa, komanso palibe amamanga nsichi kuti azigona panja n'kumazisirira. Munthu wofooka ngati ine ndi inu amaiwala msanga, n'chifukwa chake timaitanidwa kasanu patsiku osati kamodzi pachaka. Zakaat nayo ili ndi mlingo wake, K2,500 pa K100,000 iliyonse ya chuma chosungidwa chimene chafika pa nisaab (mlingo woyambira kupereka zakaat) n'kutha chaka, kuti chifundo chisadalire mmene munthu wadzukira.

Komanso "akukuona" asakhale mawu okuopsezani okha. Mwa sura 114 za Qur'an, 113 zimayamba ndi dzina la Allah Wachifundo chambiri, Wachisoni chosatha. Iye amati ali pafupi ndi munthu kuposa mtsempha wa m'khosi mwake, ndipo amayankha wopempha akamupempha. Simufunika mkhalapakati. Mukalakwa mumalapa kwa Iye mwachindunji, ngakhale pakati pa usiku m'chipinda chanu ku Chikanda, ndipo sura 39 imaletsa kutaya mtima ndi chifundo chake. Woonayo amaonanso misozi yanu ya fizi, ndi nsima imene munagawira mnzanu ndalama zitamuthera.

Pali chinanso chimene mwina mudzachimva kuno kwathu, chakuti Chisilamu ndi cha Ayao. Mbiri yake ilipo: chinafika m'zaka za m'ma 1800 kudzera mwa amalonda a ku gombe la nyanja ya mchere, Jumbe ku Nkhotakota ndi mafumu a Chiyao monga Makanjira, ndipo mpaka lero Asilamu ndi ochuluka ku Mangochi, Machinga ndi mbali zina za Zomba. Kalembera wa 2018 anapeza kuti ndi 13.8 peresenti ya Amalawi. Koma pa Hajj yake yotsanzika mu 632 Mtumiki analengeza kuti Mwarabu saposa yemwe si Mwarabu kupatula pa kuopa Allah, ndipo woyamba kuitanira anthu ku swala anali Bilal, munthu wakuda amene kale anali kapolo. Mlomwe wa ku Jali ndi Mtumbuka wa ku Rumphi ali ndi malo ofanana pamzere wa swala.

Mnzanuyo mukamuyankhe ndi ulemu, popanda mkangano, pakuti Qur'an yomweyo imati palibe kukakamizana m'chipembedzo. Muuzeni za Mulungu mmodzi, za nsichi zisanu, ndi za kukhala ukudziwa kuti Iye akukuona. Koma inu mwini yambani ndi Al-Fatiha, sura yoyamba ya Qur'an. Ili ndi ma ayah 7, ndipo pa swala zisanu za faradhi (zokakamizidwa) mumaiwerenga ka 17 tsiku lililonse. Qur'an yotanthauziridwa m'Chichewa ilipo. Ipezeni, muwerenge tanthauzo la ayah imodzi patsiku, ndipo poswali muziima pang'ono pa ayah imeneyo mpaka mumve chimene mukupempha. Pamene pakuvutani kafunseni shehe wa pamzikiti wapafupi nanu, kapena mundilemberenso.